Madzi Saiwala Khwawa: Mbiri ya Blantyre ndi Namondwe wa 2023

Munthu akanyamuka pa Mwami m'mamawa, nadutsa malire kulowa ku Mchinji, napitirira pa Lilongwe, pa Dedza ndi pa Ntcheu, aoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa dzuwa litapendeka, ndipo madzulo alowa mu mzinda wa Blantyre. Ulendowo ndi wa makilomita oposa 400. Cinthu coyamba cimene mlendo wa kwathu aona pofika ndico mapiri, ndipo mtima wace ukhala pansi, pakuti mzindawo ufanana ndi Chipata wathu: nyumba zili pakati, mapiri azinga mbali zonse monga mpanda. Kuli Ndirande, kuli Michiru, kuli Mpingwe ndi Bangwe, ndipo kumwera kuli Soche. Akafika patsinde pa Soche, ku Chilobwe, adzaona miyala ikuluikulu, ina yonga nkhokwe, ili gone pakati pa nyumba za anthu. Miyala imeneyo inatsika m'phiri m'mwezi wa Malichi, caka ca 2023, pamene namondwe wochedwa Freddy anagwa pa dziko la Malawi.

M'nkhani ino tifuna kulongosola za tsoka limenelo ndi za umo mzindawo unayesera kudzukanso. Tidzaona kuti zinthu zina zinabwerera m'malo mwace pa milungu yowerengeka, koma zina zinakanika ngakhale patapita zaka. Cimene cinakanika ndico kupezera anthu osauka malo abwino omangapo, ndipo bvuto limeneli ndi lakale kuposa namondweyo. Cifukwa cace tiyenera kuyamba ndi mbiri ya mzinda weniweniwo.

Ciyambi ca mzinda

Mu 1876 amishoni a mpingo wa ku Scotland anafika ku mapiri a Shire kufunafuna malo. Henry Henderson, pamodzi ndi womtsogolera wace Tom Bokwito, anasankha malo a m'dziko la mfumu Kapeni, ndipo malowo anachedwa Blantyre, ndilo dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Amalonda a kampani ya African Lakes anatsata pambuyo namanga pa Mandala. Chalichi cacikulu ca St Michael and All Angels cinatha kumangidwa mu 1891, ndipo cikali ciimire. Mu 1895 kunakhazikitsidwa bungwe loyendetsa tauni. Njanji yocokera ku Port Herald, kumene lero tichula kuti Nsanje, inafika mu 1908. Ndipo mu 1956 Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa kukhala mzinda umodzi.

Koma pogawa malo m'masiku amenewo, anthu akuda sanawerengedwe. Malo osalala ndi mitunda yabwino zinagwa m'manja mwa Azungu, Amwenye ndi makampani, ndipo dziko lalikulu lozungulira tauni linasanduka minda ya Azungu. Anthu amene anali kuphika, kusenza katundu, kuumba njerwa ndi kugwira nchito ya njanji analibe malo m'kati mwa tauni. Iwo anamanga kunja kwa malire ace, monga ku Ndirande, ndipo m'mawa uliwonse anali kuyenda pansi kunka ku nchito. Dziko litalandira ufulu mu 1964, tsankho la khungu linatha, koma malo abwino anakhalabe a munthu wandalama.

Anthu anapitirira kubwera kucokera ku Thyolo, ku Mulanje, ku Chiradzulu ndi ku maboma ena kumene minda inali itacepa. Pa kalembera wa 2018 anapeza kuti mu mzinda wa Blantyre muli anthu 800,264, ndipo oposa theka la iwo anali kukhala m'malo amene boma silinapime, opanda miseu yeniyeni ndi ngalande. Wobwera kumene anali kupeza kuti malo otsala ndi a m'mphepete mwa mitsinje, monga Mudi ndi Naperi, kapena a m'phiri. Soche ndi Ndirande anali mapiri a nkhalango zotetezedwa ndi boma, koma mitengo yace inatha ndi nkhuni, makala ndi kuocha njerwa. Nkhalango ya Ndirande inatheratu m'zaka za m'ma 1990. Mitengo itacoka panalowa minda ya cimanga, ndipo minda itacoka panalowa nyumba, caka ndi caka zikukwera kunka pamwamba.

Tisafulumire kuwaweruza anthu amenewa. Palibe munthu amanga nyumba pa phompho cifukwa cokonda phompho. Mlonda wa pa sitolo, mai wogulitsa tomato pa msika wa Limbe, mnyamata wosenza katundu pa depoti ya basi, onsewa afuna pogona pa mtengo wocepa, pamalo pamene angathe kufika ku nchito ndi miyendo. Phiri lokha ndilo linawalandira.

Napolo

Anthu a m'mapiri a kumwera kwa Malawi anadziwa kale kuti phiri limagumuka. Makolo anali kunena kuti pansi pa mapiri pakhala cinjoka cacikulu, dzina lace Napolo, ndipo cikafuna kusamuka kunka ku nyanja cing'amba phiri, cikokolola mitengo, miyala ndi midzi, cisiya njira yace poyera. Ophunzira za nthaka afotokoza mwa njira ina. Ati dothi la m'phiri ndi lopyapyala, ndipo ligona pamwamba pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothilo limwa madzi kufikira lilemera ndi kuterera. Tsono litsetsereka pa thanthwepo, lisanganikirana ndi miyala, ndipo litsika m'khwawa monga phala, mwaliwiro loti munthu sangathe kulithawa. Mau a makolo ndi a ophunzira asiyana, koma agwirizana pa cinthu cimodzi: Napolo ali ndi njira zace, ndipo kumene anapita kale adzapitakonso.

Cenjezo loyamba limene linalembedwa bwino linafika mu Disembala 1946. Namondwe wocokera ku nyanja ya mcere anagwa pa Zomba, umene unali mzinda wa boma la Nyasaland. Pa maola 36 panagwa mvula ya mainchesi 28, ndiwo mamilimita 711. Phiri la Zomba linagumuka m'malo ambiri, mitsinje monga Mulunguzi inasefukira, milatho yambiri inakokoloka, magetsi anazima, mipope ya madzi inaduka, ndipo anthu oposa 20 anafa. Oyimba a masiku amenewo anapeka nyimbo ya Napolo imene inachuka m'dziko lonse, ndipo patapita zaka mlembi wa ku Zomba, Steve Chimombo, analemba ndakatulo zambiri za cinjokaco. Tizindikire apa kuti mu 1946 mapiri anali asanametedwe monga lero, koma Napolo anatsika ndithu. Mitengo ithandiza kugwira dothi ndi kucepetsa mphamvu ya madzi, koma mvula ikapyola muyeso phiri ligumukabe. Cimene cinacepetsa maliro pa Zomba ndi cakuti anthu okhala m'njira ya madziwo anali owerengeka.

Cenjezo laciwiri linafika pa 10 Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumukira pa Phalombe, ndipo anthu pafupifupi 500 anafa. Caka comweco Nyumba ya Malamulo ya Malawi inapanga lamulo loyamba la za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Lamulolo linanena zambiri za kugawa cithandizo tsoka litagwa, koma linanena zocepa za kucotsa anthu pa njira ya tsoka lisanagwe.

Cenjezo lacitatu linafika pakhomo penipeni. Mu Januwale 2015 cigumula cinagwa m'maboma 15 a Malawi. Anthu 106 anafa ndipo pafupifupi 230,000 anasowa pokhala. Pa nthawi imeneyo madzi ocokera m'phiri la Soche anagwetsa nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe komweko. Kunalankhulidwa zosamutsa anthu a m'phiri, koma mvula itakata anthu anaumba njerwa zina namanganso pamabwinja pomwepo. Mu Malichi 2019 kunabwera cigumula ca namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la pa Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo makina ace, opatsa mamegawati pafupifupi 130, anaima kwa nthawi yoposa caka. M'mwezi wa Malichi caka comweco kunabuka nthenda ya kolera. Cotero Freddy anapeza dziko lili lofooka kale, monga munthu amene malungo amgwira asanacire cilonda.

Ulendo wa Freddy

Namondwe wotere abadwira pa nyanja yaikulu pamene madzi atentha kwambiri. Mpweya wa cinyontho ukwera kumwamba, wina uthamangira kulowa m'malo mwace, ndipo zonse ziyamba kuzungulira monga kabvumvulu, koma kabvumvulu wa makilomita mazanamazana m'mimba mwace. Akakwera pa mtunda mphepo yace icepa mphamvu, koma madzi onse amene anasenza awakhuthula, makamaka pamene mitambo yagunda mapiri. Ndico cifukwa cace m'maiko a kutali ndi nyanja, monga Malawi ndi Zambia, cimene cipha anthu ambiri ndi mvula, si mphepo ai.

Freddy anabadwa kuciyambi kwa Febuluwale 2023 pa nyanja ya pakati pa Australia ndi Indonesia. Anaoloka nyanja yonse ya India, nagunda cisumbu ca Madagascar pa 21 Febuluwale, nafika ku gombe la Mozambique pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale. Anthu anayesa kuti watha, koma iye anabwerera ku nyanja, natenganso mphamvu, ndipo pa 11 Malichi anakweranso pa mtunda pafupi ndi Quelimane, nalunjika ku mapiri a Mulanje ndi Shire. Akatswiri a zanyengo a dziko lonse lapansi anatsimikiza pambuyo pace kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku mwao, ndi kuti anayenda makilomita oposa 12,000.

Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pa masiku anai okha. Kuti timvetse, tikumbukire kuti imeneyo ndiyo mvula imene igwa kuno ku Chipata pa caka cathunthu. A zanyengo a ku Malawi anali atacenjeza pa wailesi masiku angapo zisanacitike, koma cenjezo lithandiza munthu amene ali ndi kothawira. Wa m'phiri akanathawira kuti ndi ana ace usiku, mvula ili kugwa, nasiya katundu wace kwa akuba?

Usiku wa pa 12 Malichi ndi m'mawa wa Lolemba pa 13, phiri la Soche linagumuka. Matope ndi miyala zinatsika m'makwawa kulowa ku Chilobwe ndi ku Manja, zinaphwanya nyumba ndi kukwirira anthu, ena mabanja athunthu. Ku Ndirande ndi m'mphepete mwa mitsinje ya mu mzinda nyumba zinagwa zambirimbiri, makamaka za njerwa zosaocha ndi zomangira dothi. Ku Chiradzulu mudzi wa Ntauchira unafafanizika. Ku Mulanje ndi ku Phalombe mapiri anagumuka, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene madzi onse a m'mapiri akathera, midzi inamira.

Masiku a maliro

Tsiku lomwelo la pa 13 Malichi, mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti cigawo ca kumwera cagwa m'tsoka, ndipo pambuyo pace analamula kuti dziko lilire masiku 14. Oyamba kufukula okwiririka anali anansi ao, ndi makasu, mafosholo ndi manja. Asilikali, apolisi ndi a Red Cross anafika kudzathandiza, koma miyala ina inali yosatheka kuisuntha popanda makina, ndipo makinawo analibe polowera, popeza m'phirimo munalibe miseu. Nyumba ya cisoni ya pa cipatala cacikulu ca Queen Elizabeth inadzaza. Pa 15 Malichi ku Chilobwe kunacitika mwambo wa maliro a anthu 21 pamodzi, mabokosi ali ndanda, aakulu ndi aang'ono.

Boma litawerenga linapeza kuti m'dziko lonse anthu 679 anafa, 537 anasowa osaonekanso, oposa 2,000 anapweteka, ndipo oposa 650,000 anacoka m'nyumba zao nakhala m'misasa yoposa 700. Ife Acewa ndi Angoni tidziwa kulemera kwa mau akuti munthu anasowa. Maliro opanda mtembo ndi maliro osatha. Mai alibe manda oti akaseseko, ndipo mtima wace ukhala uli kuyang'ana ku njira.

Anansi sanakhale manja lende. Dziko lathu la Zambia linatumiza ndege za asilikali ndi katundu wa cithandizo, Tanzania anatumiza asilikali, ndege ndi ufa, ndipo maiko ena ndi mabungwe anathandiza momwemo. Anthu wamba a mu Blantyre, a m'mipingo ndi a m'mizikiti, anasonkha zobvala, zofunda ndi ndiwo. Kwa ife a kum'mawa kwa Zambia maliro amenewa sanali a alendo, pakuti ndife amodzi ndi iwo m'cinenero ndi m'maukwati, ndipo caka ndi caka Acewa a maiko atatu akomana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Zimene zinabwerera msanga

Mzinda uli monga thupi la munthu: ciwalo cimodzi cikadwala, zina zonse zimva. Magetsi a Malawi acokera kwambiri ku makina a pa mtsinje wa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Cigumula cinadzaza mtsinjewo ndi zinyalala, mitengo ndi mcenga, kotero kuti makina a pa Nkula ndi pa Tedzani anaimitsidwa kuti angaonongeke; a pa Kapichira anali akali cigonere kuyambira nthawi ya Ana. Tsono madzi ambiri akumwa a mu Blantyre apopedwa kucokera pa Walker's Ferry pa Shire pomwepo, kukwera mtunda wautali, ndipo mapampu ace ayenda ndi magetsi. Magetsi atazima mipope inauma, ndipo anthu anayamba kutunga m'mitsinje mmene zimbudzi zogumuka zinali zitathiramo, pa nthawi imene kolera inali m'dziko. Nthenda imeneyo, kuyambira mu 2022 kufikira pamene boma linalengeza mu Ogasiti 2023 kuti yagonja, inapha anthu oposa 1,700.

Komabe zinthu za makina ndi mawaya zinakonzedwa msanga. Makina a pa Nkula ndi pa Tedzani anayambanso kuyenda patapita masiku owerengeka, ndipo a pa Kapichira anabwerera m'miyezi yotsatira ya caka comweco. Mipope inalumikizidwa, masitolo ndi mabanki anatsegula, mabasi anayamba kuyenda. Masukulu ambiri anali atasanduka misasa, ndipo kuti ana abwerere m'makalasi panafunika kuti okhalamo acoke. Mu Epulo masukulu anatsegulidwanso. Mlendo wofika pakati pa tauni pa nthawi ya masika akadayesa kuti palibe cinacitika.

Mu Epulo momwemo Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo latsopano la za ngozi, lolowa m'malo mwa lija la 1991. Lamulo latsopanoli lipatsa boma mphamvu yolengeza kuti malo akutiakuti ndi oopsya, ndi yosamutsa anthu okhalamo. Nkhani ya lamuloli inali itakambidwa zaka zambiri. Owerenga aone kuti malamulo onse awiri anabadwa pambuyo pa maliro.

Zimene zinacedwa

Misasa itatsekedwa, funso linatsala ndi lakuti: anthu apite kuti? Akuluakulu analengeza kuti m'phiri musamangidwenso, ndi kuti anthu adzapatsidwa malo ena. Koma malo a pafupi ndi mzinda ali ndi eni ace, ndipo agulidwa ndi ndalama zambiri. Malo a kutali alibe msika, alibe ganyu, ndipo ndalama ya basi yopita ku tauni ingathe kudya theka la malipiro a tsiku. Kuonjezera apo, ambiri mwa opulumuka anali a lendi, opanda cikalata ciliconse ca malo, ndipo pa nkhani za kubwezera nyumba munthu wa lendi aiwalika msanga. Ena anabwerera ku midzi ya makolo ao, ena anapanikizana kwa abale, ndipo ambiri anakweranso phiri lomwe lija, namanga pambali pa miyala imene inapha anansi ao.

Kunena za ndalama, boma la Malawi pamodzi ndi mabungwe a kunja linawerengera kuti zoonongeka ndi zotayika zinakwana madola a ku America oposa 500 miliyoni, ndi kuti kumanganso kudzafuna madola 680 miliyoni. Dziko losauka silikanatha kupeza cuma cotere palokha. Kunayambika nchito yochedwa Tigwirane Manja, ndipo atsogoleri akale a dziko, Bakili Muluzi ndi Joyce Banda, anathandiza kupempha ndalama zomangira nyumba. Nyumba zinamangidwadi m'maboma ena, koma zinali zocepa poyerekeza ndi unyinji wa osowa. Boma la Scotland, dziko lija kunacokera dzina la Blantyre, linatumiza ndalama zimene zinaperekedwa m'manja mwa mabanja a ku Nsanje kuti asamukire ku mtunda, ndipo ambiri a iwo anamanga nazo nyumba za njerwa zoocha. Ici cionetsa kuti munthu wosauka akapatsidwa malo ndi ndalama asamuka yekha, wosadikira kukankhidwa.

Akulu anati mvula ikakuona litsiro siikata. Freddy anaononga mbeu pa mahekitala oposa 200,000 cimanga cili pafupi kukhwima, ndipo pa nyengo ya njala yotsatira anthu 4.4 miliyoni anafuna cithandizo ca cakudya. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu, kotero kuti dola imodzi, imene inali kugulidwa ndi makwacha pafupifupi 1,180, inafika pa makwacha 1,700. Simenti, malata ndi misomali zinakwera mtengo pa nthawi yomwe anthu anali kuzifunitsitsa. Caka ca 2024 cinabwera ndi cilala cimene ife tomwe ticikumbukira bwino: Zambia analengeza tsoka la cilala mu Febuluwale, ndipo Malawi mu Malichi analengeza m'maboma 23 mwa maboma ace 28. Munthu amene ana ace agona ndi njala sagula simenti. Aumba zidina, afolera ndi malata opindika amene anatola m'matope, nayembekeza kuti mvula ya caka cino idzamcitira cifundo. Mu Disembala 2024 namondwe wina, Chido, anadutsanso kumwera kwa Malawi.

Mizinda ina

Tisayese kuti kucedwa kotere ndi kwa Blantyre yekha. Mzinda wa Beira ku Mozambique, umene unali doko la Nyasaland m'masiku a njanji, unaphwanyidwa ndi namondwe Idai pa 14 Malichi 2019. Pa msonkhano wa opereka cithandizo umene unacitika mu mzindamo caka comweco, dziko la Mozambique linanena kuti lifuna madola 3.2 biliyoni, koma malonjezo anakwana 1.2 biliyoni cabe, ndipo nyumba za anthu wamba ndizo zinacedwa kuposa zonse.

Ngakhale ku America, dziko lolemera, zinatero. Pa 29 Ogasiti 2005 namondwe Katrina anagwa pa mzinda wa New Orleans. Makoma ochinga madzi anagumuka, ndipo magawo anai mwa asanu a mzindawo anamira. Boma linamanga makoma atsopano ndi madola oposa 14 biliyoni. Koma mzinda umene unali ndi anthu pafupifupi 485,000 mu 2000 unali ndi anthu 384,000 okha mu 2020, patapita zaka 15 cicitikire tsokalo, ndipo madera a anthu akuda osauka, monga Lower Ninth Ward, ndiwo anatsalira kwambiri. Kulikonse mcitidwe wace ndi umodzi: magetsi, miseu ndi malonda zibwerera poyamba, ndipo nyumba ya wosauka ibwera potsiriza, kapena siibwera konse.

Phunziro kwa ife a ku Chipata

Tsopano tibwerere kwathu. Tauni ya Fort Jameson inamangidwa pa cigwa ca pakati pa mapiri, ndipo mu 2017 Chipata anakwezedwa kukhala mzinda. Anthu ali kuculuka monga anaculukira ku Blantyre. Aliyense woima pa msika wa Kapata nakweza maso aona kuti mitengo ya m'mapiri yacepa, ndi kuti nyumba zili kukwera kunka pamwamba. Ndipo okhala m'mphepete mwa Lunkhwakwa adziwa umo kamtsinjeko kakwiyira mvula ikagwa yamphamvu m'mapiri. Tili kutali ndi nyanja kuposa Blantyre, ndipo namondwe wonga Freddy sanatifikepo. Koma caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Inu amene mwatsiriza sukulu mudzakhala alembi a m'makhonsolo, aphunzitsi, omanga nyumba, opima malo ndi aphungu. Ena mudzakhala nduna za mafumu, ndipo pafupifupi nonse mudzafuna malo omangapo. Mbiri ya Blantyre ikuphunzitsani zinthu zitatu. Coyamba, kubzala mitengo m'mapiri ndi kwabwino ndipo kuyenera kucitika, koma sikulowa m'malo mwa kusamanga m'njira ya madzi. Caciwiri, kuletsa munthu kumanga m'phiri popanda kumuonetsa malo ena a pafupi ndi nchito yace, a mtengo umene angathe kulipira, ndi kutaya mau cabe, adzamanga usiku. Cacitatu, kupima malo ndi kukumba ngalande anthu asanafike kudya ndalama zocepa kuposa kufukula mitembo ndi kudyetsa misasa.

Ndipo tsiku limene wina adzakuonetsani malo ogulitsa patsinde pa phiri, musayambe ndi kufunsa mtengo. Yendani pamalopo, muyang'ane kumtunda. Mukaona khwawa, ngakhale louma lomera udzu, ndi miyala ikuluikulu yobulungira ili mbwee m'munsi mwace, dzifunseni cimene cinaibweretsa pamenepo, pakuti mwala suyenda wokha. Kenaka pitani kwa nkhalamba ya pafupi, muipatse moni mwaulemu, muifunse kumene madzi anapita m'caka ca mvula yaikulu imene iyo ikumbukira. Anthu a ku Chilobwe anali ndi 1946, 1991 ndi 2015 kumbuyo kwao, koma analibe kwina komanga. Ife tikali ndi nthawi yosankha.